Khutu la ku Tsangano: zimbale zimene zinawoloka malire ndi zimene zinatsalira

Ukachoka pa boma la Ntcheu kulowera ku Dedza, pali mtunda wautali ndithu pamene msewu wa M1 ndiwo malire a mayiko awiri. Kudzanja lamanja ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique. Tsiku la msika pa Biriwiri, pa Tsangano Turn-off kapena pa Lizulu, mayi wa kabichi ndi kachewere amawoloka phula kangapo dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo m'kansalu kake mumakhala makwacha osakanikirana ndi mametikali. Ngakhale dzina loti Tsangano lili mbali zonse ziwiri. Ku Ntcheu kuli Tsangano, ndipo m'chigawo cha Tete muli boma lathunthu la Tsangano, lomwe pamodzi ndi Angónia ndi Macanga ndi dera la mapiri ozizira, kochokera chimanga, mbatatesi, nyemba ndi tirigu, osaiwala fodya wa ku Furancungo.

Angelezi ndi Apwitikizi atamvana za malirewa mu 1891 anagawa pakati Achewa ndi Angoni a kwa Maseko, koma chilankhulo chinawakanika kugawa. Mwana wa ku Tsangano kapena ku Macanga amaphunzira Chipwitikizi kusukulu, akaweruka n'kukacheza ndi agogo ake m'chilankhulo chomwechi cha ku Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, pamene Lilongwe ali pafupi. N'chifukwa chake wayilesi za ku Malawi zimamvedwa m'midzi imeneyi ngati zakwawo, ndipo zimbale za oimba a ku Balaka, Chileka ndi Lilongwe zavinidwa m'maukwati ndi m'malo omwera a kumeneko kwa zaka zoposa 30.

Chimene chimandikoka pa omvera a kuderali n'chakuti ndi oweruza ovuta kuwanyenga. Si kawirikawiri woimba kukakhazikitsa chimbale ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo. Nyuzipepala ya ku Blantyre yomutamanda sifika kumeneko. Mlimi wa kumeneko savota ku Malawi, kotero makaka a chipani amene woimbayo wavala samukhudza. Chimbale chimafika chokha, popanda wochilankhulira. Chikakoma chimakhala, chikapanda kukoma chimazilala mwakachetechete. Ndi khutu la munthu ameneyu lomwe ndikufuna kumvera nalo zimbale zina zotchuka, ndipo ndinena poyera pamene zinandikhutiritsa ndi pamene zinaperewera.

Kaseti inali mphunzitsi wankhanza

Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inasamutsa midzi yambiri ya m'mapiri amenewa. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo Ntcheu ndi Dedza anali ena mwa maboma amene analandira ochuluka. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kumabwinja awo, ambiri pakati pa 1993 ndi 1995. Anabwerera ndi makasu, mapoto, ana obadwira kothawira, komanso makutu ozolowera wayilesi ya MBC. Nthawi yomweyo ku Malawi kunali kukutseguka pakamwa: chisankho cha zipani zambiri chinachitika mu Meyi 1994, cha ku Mozambique mu Okutobala chaka chomwecho. Msika wa makaseti unaphulika. Sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inasanduka chipata chimene woimba aliyense ankalakalaka kudutsapo, ndipo kuchokera kumeneko makaseti ankayenda m'makatoni mpaka m'misika ya m'malire.

Achinyamata a lero sangamvetse msanga mmene kaseti inkaumbira woimba. Mabatire anali odula. Kudumpha nyimbo kunali kutaya mphamvu ya batire, ndipo ambiri ankabweza tepi ndi cholembera pofuna kusunga mabatirewo. Choncho wogula ankamvera mbali yoyamba yonse, n'kutembenuza, n'kumvera yachiwiri yonse. Nyimbo yofooka inalibe pobisala. Wogula mbatatesi pa Tsangano sakhulupirira zikuluzikulu zoyalidwa pamwamba pa thumba, amapisa dzanja mpaka pakati kuti aone ngati pansi sipanadzaze tizing'onoting'ono. Chimbale nachonso chinkayesedwa motero. Kukhala ndi nyimbo imodzi yogwedeza dziko sikunali kokwanira, pankafunika kuti yachisanu ndi chiwiri nayonso ikhale ndi nyama.

Soja wa ku Balaka

Palibe angalembe za zimbale za Chichewa n'kumulambalala Lucius Banda, wodziwika kuti Soja. Anakulira m'gulu la Alleluya ku Balaka, pansi pa mkulu wake Paul Banda, ndipo chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, anakachijambulira ku South Africa n'kuchitulutsa pa nthawi imene ulamuliro wa chipani chimodzi unkagwa. Kwa ine chimenechi ndicho chimbale chake chopambana zonse, ngakhale anadzatulutsa 20 asanamwalire pa 30 Juni 2024.

Mphamvu yake ili m'mawu a mnyamata amene sanaphunzire kudziteteza. Nyimbo ya Mabala inkanena za nkhanza za ulamuliro wa Malawi Congress Party, koma taganizirani munthu amene wangobwerera kumene ku Tsangano, wapeza nyumba ili phulusa, munda uli tchire, manda a abale ake osadziwika pomwe ali. Munthu ameneyo sankafunika kudziwa mbiri ya ndende za Mikuyu kapena Dzaleka kuti nyimboyo imulase. Lucius anaimba za chilonda cha dziko limodzi mwa njira yoti dziko loyandikana nalo linadzimva lokha. Luso limeneli ndi losowa. Zoona, chamba cha rege chimene chili m'chimbalecho chikununkha Lucky Dube, yemwe zimbale zake Slave ndi Prisoner zinali zitagwira kale chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa. Koma Chichewa chake chinali chakechake, chosavuta, cholunjika, chopanda miyambi yongokometsera.

Down Babylon ndi Cease Fire zinapitiriza moto womwewo, ndipo zikanali zimbale zomvereka kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Vuto linabwera pambuyo pake, ndipo silinali la Lucius yekha. Kaimbidwe ka ku Balaka katagulitsa, aliyense anakafuna. Kiyibodi imodzi inayamba kugwira ntchito ya ng'oma, malipenga ndi besi, ndipo makaseti ochuluka a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amamveka ngati anaphikidwa tsiku limodzi. Billy Kaunda ndi Mwapindulanji komanso Mlaka Maliro ndi Dzanja Lalemba anapulumuka chifukwa mawu awo ndi ndakatulo zawo zinali ndi nkhope yawoyawo. Ambiri otsatira mapazi awo lero sakumbukika.

Ndale nazo zinamudya Soja mbali ina. Atalowa m'chipani cha UDF, n'kuchiimbira nyimbo ya kampeni ya Yellow, n'kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka mu 2004, womvera anayamba kufunsa nyimbo iliyonse yodzudzula kuti ikulankhulira amphawi kapena chipani. Cell 51 Maximum, chimene chinatuluka iye atachoka kundende ya Zomba komwe anatsekeredwa mu 2006, chili ndi ululu weniweni ndipo ndimachilemekeza. Komabe zimbale zingapo za m'nyengo imeneyo zimafuna kuti udziwe kaye amene anakangana ndi yani ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Zotere zikafika ku Macanga zimatsala ng'oma zokha, uthenga utatsalira pa malire. Nyimbo zake zachikondi ndi za umphawi ndizo zinapitirira kuwoloka mosavuta.

Zimbale ziwiri zokha, koma zokwanira

Evison Matafale wa ku Chileka anasiya zimbale ziwiri basi, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, asanafere m'manja mwa apolisi ku Lilongwe pa 27 Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi. Anthu ena amati imfa yake ndiyo inakweza zimbalezi. Ine ndikukana. Mverani lero Watsetsereka, Yang'ana Nkhope, Olakwa Ndani kapena Time Mark, muiwale kaye za imfayo, mupeza kuti nyimbozo zikuima pazokha.

Matafale anachita chinthu chimene ambiri oimba rege m'Chichewa analephera. Sanatenge Chichewa n'kuchikakamiza kulowa m'kayendedwe ka ku Jamaica. Anasiya chilankhulo chiyende mmene chimayendera pakamwa pa mlaliki wa kumudzi kapena nkhalamba ya pabwalo la milandu, ndipo besi ndi ng'oma n'zimene zinkatsatira. Ankafunsa mafunso ovuta okhudza Mulungu, umphawi ndi chilungamo osathamangira kuyankha. Mawu ake anali ndi kunjenjemera kwina kumene situdiyo singapange. Kajambulidwe ka Kuimba 1, komwe anathandizidwa ndi gulu la Wailing Brothers, n'kosasalala, zida zina zimamveka zopyapyala, koma sindingasinthanitse kukhakhala kumeneko ndi kusalala kulikonse. Pa ziwirizi, Kuimba 2 ndicho chokhwima: nyimbo zake zimagwirana, ndipo ukachimaliza umamva kuti wakhala pansi ndi munthu mmodzi amene wakuuza zakukhosi.

Gulu la Black Missionaries linapitiriza mndandanda wa Kuimba, poyamba motsogozedwa ndi Musamude Fumulani mpaka pamene anamwalira mu 2007, kenako ndi mng'ono wake Anjiru. Ayenera ulemu waukulu, chifukwa kusunga gulu zaka zoposa 20, maliro akugwa motsatizana m'banja, si masewera. Pa siteji ndi akatswiri, ndipo ndi ochepa ku Malawi amene amadzaza malo ngati iwo. Koma chilungamo chake n'chakuti zimbale zawo zapambuyo zinapendekera ku nyimbo zachikondi zovinika, ndipo kaimbidwe kake kanayamba kubwerezabwereza. Ukasakaniza nyimbo za zimbale zitatu zotsatizana, n'kovuta kudziwa kuti iyi yachokera m'chiti. Zokoma zilimo zambiri, koma funso loboola mtima lija la Matafale limamveka patalipatali.

Mozambique nayo inali ndi mwana wake wolankhula mosaopa. Edson da Luz, wodziwika kuti Azagaia, anatulutsa Babalaze mu 2007 ndi Cubaliwa mu 2013, ndipo nyimbo yake Povo no Poder inachititsa kuti aitanidwe kukafunsidwa ndi oimira boma pa milandu mu 2008. Atamwalira pa 9 Malichi 2023, achinyamata anadzaza misewu, apolisi n'kuwabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Babalaze ndi chimbale cholembedwa mwaluso kwambiri, chodzaza mbiri ndi mkwiyo wolingalira bwino, ndipo m'chamba cha rapu sindikudziwa china m'mayiko athu ano chochiposa kulemera. Koma chili m'Chipwitikizi cha mumzinda. Mphunzitsi ndi wophunzira wa sekondale ku Furancungo amachimva mpaka m'mafupa, pamene mayi wopalira nyemba amamva Matafale. Nzika ziwiri za dziko limodzi, aneneri awiri osiyana, ndipo chowalekanitsa ndi chilankhulo.

Gitala lochokera ku Zimbabwe

Msewu waukulu wochokera ku Tete kupita ku Ulongwe ndi ku chipata cha Calomue umadutsa m'boma la Tsangano, ndipo malole ochokera ku Zimbabwe akhala akubweretsa zambiri kuposa katundu. Chamba cha sungura chinalowera pamenepo. Alick Macheso, wobadwa mu 1968 ku Shamva m'banja lochokera ku Malawi, ndi mwana wa anthu aja anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zimbabwe, monga momwe anapitira ambiri a ku Tete. Chimbale chake cha mu 2000, Simbaradzo, chili ndi nyimbo ya Mundikumbuke yoimbidwa m'Chichewa, ndipo ndi kulira kwa mwana wamasiye kumene aliyense wa mbali zonse zitatu za malire amakumva.

Pa nkhani ya kamangidwe ka chimbale, oimba athu akanaphunzira kwa Macheso ndi kwa Nicholas Zakaria wa Khiama Boys, amene anamulera m'maimbidwe. Chimbale cha sungura chimakhala ndi nyimbo zochepa koma zazitali, ndipo iliyonse imapatsidwa mpata woti ikule: imayamba ndi uthenga, kenako magitala amayankhana, pomaliza besi n'kutenga bwalo. Zida zake zimaimbidwa ndi manja a anthu. Chofooka cha chambachi n'chakuti nyimbo ina imatalika uthenga utatha kale, ndipo womvera ali chikhalire amatopa. Koma sungura sinapangidwire wokhala pansi. Paukwati wa kumudzi, Simbaradzo sichinakalambe.

A kumudzi, a miyambi ndi a kutchalitchi

Lawrence Mbenjere ananyozedwa ndi anthu a m'tauni kuti nyimbo zake n'zachimidzi, koma mu 2009 bungwe loona za umwini wa nyimbo la COSOMA linamupatsa ndalama zoposa K2 miliyoni chifukwa cha nyimbo zake, ndalama zomwe panthawiyo zinali zosaonekapo. Biliwita ndi Sewere zikutsamira pa magule ndi kalankhulidwe ka m'midzi ya Achewa, ndipo munthu wa ku Macanga, kuseri kwa phiri la Dzalanyama, amamva Chichewa cha pakhomo pake chenicheni. Ndakatulo za Mbenjere n'zakuya kuposa mmene onyoza aja ankaganizira. Chimene ndimadandaula nacho ndi zida: ng'oma za m'makina zimaphwanya kukoma kwa magule amene iye akuwatsanzira. Akanajambula ndi ng'oma zachikopa ndi oimba amoyo, zimbale zimenezi zikanakhala chuma cha mibadwo.

Joseph Nkasa ndi mmisiri wa mawu. Tigwirane Manja chinamveka paliponse chifukwa cha mmene amalukira miyambi ndi mafanizo, moti dzina loti Phungu linamuyenera. Koma nyimbo zake zambiri zimayenda pa kanjira kamodzi, ndipo chiyambire Mose wa Lero, yotamanda Bingu wa Mutharika chisankho cha 2009 chikuyandikira, luso lake lochuluka linathera pa andale. Nyimbo yotamanda mtsogoleri imakalamba tsiku limene mtsogoleriyo wachoka pampando, ndipo kutsidya kwa malire imafika itakalamba kale.

Nyimbo zauzimu ndizo zimawoloka mosavuta kuposa zonse, poti Baibulo ndi nyimbo za m'buku za Chichewa zimagwiritsidwa ntchito mbali zonse ziwiri. Komanso ndi m'chamba chimenechi momwe muli ulesi wochuluka. Ambiri amaganiza kuti ukangotchula dzina la Yesu ndiye kuti nyimbo yatheka, ndipo wodzudzula amaoneka ngati akulimbana ndi Mulungu. Grace Chinga, amene anatisiya mu Malichi 2016, anaonetsa kuti siziyenera kutero. Udzayimba Nyimbo ndi chimbale cha mayi amene anadutsa m'minga, wolemba mosamala, wa mawu amphamvu koma odziwa pofewera, ndipo anaika ng'oma zakwathu pansi pa uthenga popanda manyazi. Sichilonjeza chuma chamsangamsanga. Chimalankhula ndi munthu amene akudikirabe yankho, ndipo anthu otere ndiwo ochuluka m'matchalitchi athu.

Zokoma zimene sizinafike

Muyezo wa ku Tsangano uli ndi polekezera pake, ndipo n'koyenera kuvomereza. Pali zimbale zapamwamba zimene sizinayende m'misika ya m'malire. Zani Muwone cha Wambali Mkandawire, cha mu 2002, n'chimodzi mwa zojambulidwa bwino kwambiri m'mbiri ya Malawi. Chinajambulidwa ku South Africa ndi akatswiri a zida, n'kulukana jazi ndi magule a kumpoto. Koma n'cha Chitumbuka kwambiri, ndipo chimafuna kukhala pansi n'kutchera khutu. Kusamveka kwake m'malo omwera sikuchichotsera kanthu. Kutchuka ndi ubwino nthawi zina zimayenda limodzi, nthawi zina zimasiyana njira.

Chomwechonso Ana Osiidwa cha Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Chinatulutsidwa mu 1992 ndi kampani ya Pamtondo ya John Lwanda, ndipo Namoko anamwalira mu 1995 ali wosauka. Banjo, ng'oma zopanga okha ndi mawu osasa, basi. Komabe mulibe nyimbo yongodzazira malo. Aliyense wofuna kudziwa kuti chimbale chathunthu n'chotani ayambire pamenepa.

Chondipweteka kwambiri ndi cha Massukos. Gululi ndi la ku Lichinga m'chigawo cha Niassa, lotsogozedwa ndi Feliciano dos Santos, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2008 chifukwa cha ntchito yake ya madzi ndi ukhondo m'midzi. Amaimba m'Chiyao, Chinyanja ndi zilankhulo zina za kumeneko. Kuimba kwa Massuko cha mu 2001 ndi Bumping cha mu 2007 zinatsimikiza kuti nyimbo yophunzitsa kusamba m'manja kapena kupewa Edzi ingathe kukhala yokoma, yovinika, yopanda fungo la msonkhano wa bungwe. Magitala awo ndi opepuka, mawu amalandizana bwino. Awa ndi ana a Mozambique oimba chilankhulo chomveka ku Tsangano, koma njira yachidule yochokera ku Lichinga kufika ku Tsangano imadutsa m'Malawi, ndipo msika wa makaseti wa ku Limbe sunali wawo. Anakaimba ku Ulaya, pamene abale awo a ku Tete ankavina za ku Balaka.

Memori khadi yaphwasula chimbale

Lero kaseti kulibe, ndipo malonda a zimbale aja anagwa chifukwa cha kukopera nyimbo mwakuba. M'misika ya m'malire muli anyamata a kompyuta amene amadzaza nyimbo mazanamazana m'memori khadi pa mtengo wochepa. Wakabaza amamangirira sipika pa njinga yamoto, sola ili padenga la golosale, ndipo nyimbo zimalira tsiku lonse. Koma zimabwera zosakanizika: ya Driemo, kenako ya ku Zambia, kenako amapiano a ku Johannesburg, kenako pandza ya ku Maputo, kenako kwaya. Womvera sadziwanso kuti nyimboyi yachokera m'chimbale chiti, mwinanso ngakhale dzina la woimba. Woimbayo sapezapo kanthu, ndipo COSOMA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992, ilibe mphamvu kutsidya kwa phula.

Oimba nawo azolowera. Ambiri akutulutsa nyimbo imodziimodzi, ndipo akati atulutse chimbale amangosonkhanitsa zimene zinamveka kale n'kuwonjezera zodzazira. Sindikunena kuti luso latha. Chimbale cha Lawi cha mu 2013, momwe muli Amaona Kuchedwa, chinalukidwa ndi munthu woganiza za ulendo wonse wa womvera, ndipo Chichewa chake n'chokoma ngati cha akuluakulu. Mzaliwa cha Driemo chili ndi mawu ogwira mtima ndiponso nkhani zimene wachinyamata wa kumudzi amaziona pa moyo wake, ngakhale nyimbo zina zimafanana mayendedwe. Patience Namadingo atakhala pansi ndi Giddes Chalamanda mu 2020, dziko lonse linaona kuti Linny Hoo ya mkulu wobadwa mu 1930 ingagwedeze TikTok. Ndipo Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni wa chingwe chimodzi, anatulutsa Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022 kudzera ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Zimbale zimenezi n'zamoyo, zotentha, zopanda chinyengo cha makina. N'zomvetsa chisoni kuti zimadziwika kwambiri ku Ulaya kuposa m'midzi imene kaimbidwe kotere kanabadwira.

Tikusowa odzudzula, tikusowanso ojambula

Pa zaka zonsezi, zimbale zathu zakhala zikutuluka popanda wozisanthula mokwanira. Nyuzipepala zimalemba kuti mwambo wokhazikitsa chimbale unali wapamwamba, anthu anadzaza, mlendo wolemekezeka anagula CD pa mtengo wakutiwakuti. Za nyimbo zenizenizo, ziii. Gregory Gondwe anayesetsa kwa zaka zambiri kulemba maganizo ake pa maimbidwe mosapsatira, koma zinali m'Chingelezi, chilankhulo chimene ogula ambiri a nyimbozi sawerenga. M'Chichewa, ukanena kuti chimbale chakuti chafooka, yankho lake limakhala loti uli ndi kaduka. Tinaiwala kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Woimba amene amangomva kuwomba m'manja amabwereza cholakwa chomwecho m'zimbale zisanu, ndipo amadzazindikira omvera atamuthawa kale.

Palinso ngongole ina yaikulu kuposa imeneyi. Nkhani yonseyi yakhala ya zimbale zolowa ku Tsangano ndi ku Macanga, osati zotuluka. Chonsecho derali si losauka pa maimbidwe. Kuli ngoma ya Angoni, kuli chimtali cha amayi, kuli makwaya, kuli anyamata a magitala opanga okha, ndipo kuli Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi. Anthu amene kwa zaka 30 agula, kuvina ndi kusunga nyimbo za anzawo ayenera kumvedwa nawonso.

Pempho langa likupita mbali ziwiri. Kwa eni masitudiyo a ku Lilongwe, Balaka ndi Tete, komanso wayilesi za m'madera ndi nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imene imaulutsa m'Chinyanja: kwerani mapiri amenewa ndi zida zojambulira, mukhale pansi ndi oimba a kumeneko, mutulutse zimbale zathunthu zokhala ndi mayina awo, ndipo muwalipire. Kwa olemba anzanga ndi akonzi a nyuzipepala: tipatseni malo sabata iliyonse oti tisanthule chimbale chimodzi m'Chichewa, nyimbo ndi nyimbo, kutamanda poyenera ndi kudzudzula poyenera. Ndipo inu owerenga, sabata ino sankhani chimbale chimodzi mwa zimene ndatchulazi, muchimvere chonse osadumpha nyimbo, kenako mutilembere kutiuza pamene mwagwirizana nane ndi pamene mukunditsutsa.